Malikisi Makumi Awiri

A Namacha analemba pabolodi, choko n'kuthyoka pakati:
sankhani munthu wakale
amene dzina lake likadayambanitsabe anthu,
masamba anayi, lisanadutse Lachisanu la mawa.
Anzanga anathamangira maina a m'buku.
Ine ndinatola la Yotamu Mbeza,
kalaliki wa msonkho pa boma,
poti ndinamva wakabaza wina pa Chinamwali
akutukwanira nalo galu.

Kunyumba yosungira makalata akale
anandisiyitsa bolopeni pakhomo, n'kundibwereka pensulo.
Fayilo inabwera yomanga ndi kachingwe,
fungo lake ngati thumba la chimanga chofumbwa.
Mzungu wina anasainamo kawiri:
wantchito wokhulupirika, sachedwa, saphonya masamu.
Ndinakopera bwinobwino.
Mvula inatsika m'phiri, magetsi n'kuthima,
zotsalazo ndinawerengera pazenera
zilembo zili mbuu ngati mapazi a nyerere.

Loweruka ndinakhala pabenchi pa a Chilapondwa,
osoka nsapato kuseri kwa depoti.
Atamva dzinalo analavula ulusi.
"Nyumba imene anabadwiramo bambo anga
inapsa chifukwa cha masheleni ochepa.
Machesi sanagwire, ayi, ameneyo anali waukhondo.
Ankangoloza ndi cholembera,
oyatsa ali ena.
Lemba zimenezo, usakometse."
Ndinalemba, dzanja likutuluka thukuta.

Koma mumsika, pamzere wa tomato,
Abiti Selemani anaseka mpaka kugwetsa mulu.
"Kumtundu kwathu amuna asanu anafa chaka chimodzi,
kufera m'buku la Mbeza mokhamo.
Wakufa sakhoma msonkho, mwanawe!
Onse anakalamba akulima,
wina anakwatira kachitatu ali mtembo."
Anandiikira basera wa tomato awiri
ati ndisaiwale kumulemba bwino.

Lolemba ndinathawa masamu, kubwerera kufayilo ija.
Ndinawapezadi akufa asanu aja, motsatizana.
Nditatembenuza tsamba
ndinapeza nyumba zotenthedwa, zisanu ndi zitatu.
Inki yomweyo.
Dzanja lomwelo, lopendekera kumanja,
lokoka mchira wautali pa seveni aliyense.
Ndinafunafuna pamene dzanjalo linanjenjemera,
pena paliponse, kadontho kokha.
Panalibe.

Usiku ku Matawale, tochi ya foni ili pakamwa,
ndinadzaza masamba atatu osapuma.
Lachinayi ndi limene linandikanika,
paja pamene aphunzitsi amati tiweruze.
Ndinalemba kuti anagulitsa anzake.
Abiti Selemani anandiyang'ana kuchokera m'mbale ya tomato.
Ndinafufuta.
Ndinalemba kuti anapulumutsa anthu,
utsi n'kundilowa m'maso.
Ndinafufutanso,
labala ikudya pepala pang'onopang'ono
mpaka panatsala chiboo
choti chala chaching'ono n'kulowa.
Mng'ono wanga anatembenuka pamphasa
nati ndizimitse, anthu agone.

Ndinapereka choncho, ndi chiboo chakecho.
Pansi pake ndinangoonjeza mzere umodzi:
buku limadziwa kuwerenga nyumba,
silidziwa chimene munthu ankaganiza
pokwera chitunda chopita ku ofesi m'mawa.

Linabwerera ndi khumi ndi atatu pa makumi awiri.
A Namacha anazunguliza chiboocho ndi inki yofiira
n'kufunsa m'mphepete: iwe uli mbali iti?
Ndinapinda pepala, kuika m'thumba la yunifolomu.
Sindinawauze kuti nsapato yanga yakumanzere yayasama
ndipo mawa ndiyenera kukaisiya kuseri kwa depoti,
kuchoka apo ndilowe mumsika,
amayi andituma tomato.